Nambala ya Chipata

Ndili ku ofesi, ndikulumikiza seva yatsopano, kompyuta yaikulu yotumikira ofesi yonse. M'mimba mwake muli timakompyuta tambiri, tikulira ngati nkhosa m'khola. Ndatimangira mlatho wa waya. Chatsala n'kulemba nambala ya chipata chotulukira kupita pa intaneti.

Pakhomo paima bambo wovala suti yoyera, koma nsapato zake n'zamatope.

"M'bale wanga, lembani nambala yangayi. Chipatacho ndine."

"Bambo, wakutumani ndani?"

Akungomwetulira. Akutambasula chikhatho, ndipo nambala yolembedwapo ndi ya seva yanga yomweyi: chipata chongobwerera m'khola momwemo. Ndikufuna kufuula dzina la Ambuye, lilime likukana. Zala zanga zayamba kale kulemba zokha. Timakompyuta tija tatonthola, tafola pamlatho, tikuyang'ana iye.

Ndadzuka kutulo ndikupemphera, dzanja lamanja nditalipana m'khwapa.