Mano a pa khoma la ku Kamwala

Mayi Imelda Lombe, amene amasoka mayunifomu pa msika wa Kabwata, sakhulupirira munthu msanga. Nsalu amayeza kawiri, ndipo ukawapatsa moni wautali amayamba kudzifunsa chimene wadzera. Munthu yekhayo amene sanamukayikirepo ndi amuna awo, malemu a Abednego, amene ankalemba zikwangwani pa makoma a m'tauni mpaka makampani a mafoni anadzafafaniza zonse ndi utoto wawo.

Chaka chino mvula inasenda utoto pa sitolo ina yakale ku Kamwala, kumene mayiwa amagula nsalu. Pansi pake panatuluka mawu otuwa akuti ZITENJE ZAMAKONO, nkhope ya mtsikana wovala duku, ndi dzina la wojambula pakona: A. Lombe, 1988. Za chithunzi chimenechi amuna awo sanawauzepo. Mtsikanayo akumwetulira, ndipo ali ndi mpata pakati pa mano.

Mayi Imelda alibe mpata. Amene ali nawo ndi mayi Annette Chama, anzawo a m'kwaya, omwe analira pa maliro a Abednego paja mpaka kuchita kugwiridwa.

Milungu itatu nyimbo sizinkawatuluka bwino, maso ali pakamwa pa anzawowo. Zinawawawa, chifukwa wakufa sungamufunse. Kenako anawaitana kuti akasankhe limodzi nsalu ya kwaya, nkuwaimika pansi pa khoma lija.

"Ba Annette, mano yanu yachita chani apa?"

Mayi Annette anayang'ana, nkuseka. "Iyi shop inali ya ba boss banga. Ba Lombe baninkalika pa stool masiku yatatu, koma nkope inali kuchoka chabe yanu. Ba boss bakalipa, ndiye baikapo gap yanga kuti nkani isile."

Mayi Imelda anabwerera m'mbuyo, natambasula dzanja kuphimba pakamwa pa chithunzicho. Maso, mphumi, mphuno yotambalala ija, zonse zinali zawo asanabereke. Misozi inangotsika, anthu a ngolo akuwadutsa uku ndi uku.

Anakwera minibasi mtima uli m'malo. Atatsala pang'ono kutsika m'pamene anayamba kuwerenga masiku aja. Zaka zonse zija ankawaonerera amuna awo akugwira ntchito, ndipo nkhope imodzi sinkawatengera kupitirira m'mawa umodzi.

Anatembenukira anzawo aja. "Mwakamba masiku yangati?"