Seva yotsekera kunja alimi a kumalire

Lole yogula mtedza yadutsa Lachisanu osaima kwathu kufupi ndi Kachebere. Olakwa ndi kampani ina ya ku Lilongwe yosunga mapulogalamu a anthu pa seva. Ndakwiya zedi, ndipo mundimve.

Ndine mlembi wa kalabu yathu ya alimi a mtedza. Pulogalamu ya kalabuyi ndinailemba ndekha m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Python. Ntchito yake ndi yapafupi: mlimi akaswa mtedza n'kuika m'matumba, amadina pa foni, woyendetsa lole n'kudziwa mudzi woti akaime. Pa laputopu yanga imayenda bwinobwino. Ndinapita nayo ku kampaniyo kuti aiike pa seva, aliyense azitha kuipeza pa intaneti.

Bambo wa tayi amene anandilandira anati, "Asisi, osadandaula, izi ndi zathu izi. Tikuikiraninso chitetezo." Chitetezo chanji? Sanafotokoze. Ndinayesa pa foni yanga mu ofesi momwemo, inatseguka. Ndinakwera basi ndikumwetulira ngati wopenga.

Kufika kumudzi, zii. Amayi anga adina, ikukana. A Phiri a kuseri kwa tchalitchi adina, ikukana. Chonsecho anzathu a ku Chiosya ndi a pa boma akulowa popanda vuto.

A kampani aja ndinawaimbira Lachiwiri. Akuti mwina alimiwo sadziwa kugwiritsa ntchito foni. Amayi anga amene amatumiza zithunzi za zidzukulu mpaka ku Joni? Lachitatu akuti tizimitse mafoni n'kuyatsanso. Mudzi wonse tinazimitsa n'kuyatsa. Lachinayi foni imangolira. Lachisanu lole inangotisiyira fumbi, chifukwa dalaivala sanaone dzina ngakhale limodzi la kwathu.

Dzulo ndinapitanso komweko. M'pamene bambo wa tayi uja anaulula kuti chitetezo chija n'choti seva izikana aliyense wolowera kunja kwa Malawi. Nanga ife? Kwathu netiweki ya Malawi timaipezera pa chulu. M'nyumba imagwira ya ku Zambia, n'chifukwa chake pafupifupi khomo lililonse lili ndi simu ya kumeneko. Ndinawauza tsiku loyamba lomwe kuti anthu anga ndi a kumalire. Amamvera ndi chiyani, tayiyo?

Yankho lake ndi limene landilembetsa izi. Anati, "Ndiye auzeni alimi anuwo ayambe akhala a Malawi kaye." Anaseka. Anzake a pa madesiki enawo anasekanso. Ine misozi inalengeza, osati ya chisoni ayi, ya mkwiyo.

Ndinapempha kuti achotse chotchingacho. Ndi ntchito yosintha mzere umodzi, ndikanachita ndekha akanandipatsa chilolezo cholowera pa seva. Akuti makasitomala saloledwa kugwira, ndipo abwana ovomereza ali pa tchuthi.

Pano matumba aunjikana m'makonde. Mavenda a masikelo obera aja ayamba kuzungulira pa njinga, amva fungo. Anthu amene ndinawanyengerera kuti asiye kugulitsa kwa mavendawo akundilonjera mozizira. Ena akuti mwana wa a NaBanda watinamiza ndi zamakompyuta zake.

Inu a kampani, lole ikubwera komaliza Loweruka. Tsegulani seva lisanafike tsikulo, ndipo mutiuze amene anakutumani kutsekera anthu kunja osafunsa mwini pulogalamu. Anzanga a ku Mchinji amene muli ndi mapulogalamu, musayesere mu ofesi mwawo. Kayesereni kumudzi kwanu, pa foni ya amene adzaigwiritse ntchito.

M'mawa uno amayi andifunsa ngati angogulitsa kwa mavenda aja. Ndawauza kuti adikire, zikonzeka. Musandinamizitse kwa amayi anga kachiwiri.