Ndinawasankhira Yaing'ono

Funso la achimwene linandipeza Lolemba m'mawa ndili m'sitima yochokera ku Balbriggan, ndikupita ku ntchito. Foni inanjenjemera m'thumba la jekete. Anali atatumiza chithunzi cha mfuti ziwiri zazing'ono za m'manja, zakuda, zitagona pa tebulo lagalasi, zofanana ngati mapasa. Ndinatembenuza foniyo msanga kuti mayi amene anakhala pafupi nane asaone. Kenako ndinavala mahedifoni n'kumvera mawu amene anajambula.

"Mzungu wathu, wadzuka? Mapepala aja atuluka. Ndili kwa wogulitsa mfuti ku Lilongwe kuno. Akuti mfutizi ndi za mtundu umodzi, koma zimadya zipolopolo zosiyana. Ina imadya za nayini, ina za thirii-eyite, zocheperako. Ine mutu wazungulira. Tafufuza kumeneko undiuze yoti nditenge. Ndibweranso kuno Loweruka."

Achimwene ndi amene anandilera bambo atamwalira. Iwo anasiyira sukulu mu sitandade seveni n'kuyamba kugulitsa sopo ndi mchere pa benchi kuti ine ndipitirize. Benchilo linakula mpaka kusanduka golosale pa msika wa kwathu ku Mchinji. Chifikireni ku Ireland, chilichonse chokhala ndi manambala ankafunsa ine. Batire ya sola anafunsa ine, fuliji ya zakumwa anafunsa ine, ngakhale mankhwala a mbozi za m'chimanga. Sindinawayankhepo kuti sindikudziwa. Ndinkawerenga pa intaneti mpaka ndipeze, n'kuwalembera yankho laudongo. Akagula chinthucho ankauza aliyense wolowa m'golosale kuti, "Ichi anasankha ndi mng'ono wanga wa ku Ireland." Mawu amenewo ankandikomera kwambiri, ngakhale sindinkaonetsa.

Za mfuti zinayamba miyezi inayi m'mbuyomo. Anthu atatu analowa m'golosale achimwene akutseka, atanyamula zikwanje. Anawatema dzanja lamanja pamene ankaphimba nalo kumutu. Bala linapola, koma zala ziwiri zinauma, sizipindikanso.

Tsiku limenelo pa nthawi yopuma ndinatulutsa kope langa, n'kulemba mzere pakati pa tsamba monga tinkachitira ku pulayimale. Mbali ina ndinalemba nayini, mbali ina thirii-eyite. Ndinapeza kuti za nayini ndi zamphamvu ndipo zimapezeka mosavuta, koma mfuti ikakhala yaing'ono imakankha dzanja kwambiri powomba. Za thirii-eyite zimakankha pang'ono, koma ena ankadandaula kuti sizichedwa kuperewera mphamvu yoimitsira munthu. Anthu olemba zimenezi, ambiri a ku America, sankatchula za kupha. Ankangoti kuimitsa munthu. Inenso m'kope langa ndinalemba choncho.

Lachiwiri masana ndili pa siteji ya basi ku Clondalkin, kunaimba alamu anga, akazi a achimwenewo. Anakwatiwa kwathu ine ndili sitandade sikisi, ndipo kuyambira pamenepo ankanditcha mwamuna wawo wamng'ono. Akaimba ankayamba ndi kundifunsa ngati ndapeza kale mzungu woti awalande banja. Tsiku limenelo sanaseke.

"Alamu, ndili kuchigayo, ndiye ndifulumire. Achimwene anu akutumizirani chithunzi?"

"Eya, anditumizira."

"Musasankhe."

Kumbuyo kwawo chigayo chinkamveka.

"Sabata yatha ndinawapititsira tiyi kugolosale masana, ndinalowera khomo lakuseri. Sanandimve. Nditangoti odi, anatembenuka ndi chikwanje chimene amasunga pansi pa kauntala. Chinakalowa m'felemu ya chitseko, pafupi ndi khutu langa. Iwo anangokhala pansi, ine n'kumatola makapu. Chikwanje chimafuna munthu ayandikire, alamu. Nanga ikanakhala mfuti? Ana aja akaweruka kusukulu amalowera khomo lomwelo."

"Mwawauza zimenezi?"

"Ndawauza. Akuti ndine mzimayi, za chitetezo sindizidziwa. Abusa awauza, iwo akuti abusa sanatemedwepo. Koma inu amakumverani. Mukati batire iyi, amagula yomweyo. Muwauze kuti zonse ziwiri n'zoipa. Ngakhale kunama namani, muwauze kuti azungu akuti zimaphulikira m'manja."

"Ndiyesa, alamu."

"Musayese. Muwauze."

Basi inabwera, ndinakwera, koma ndinapitirira siteji yanga.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndimawasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwaphikira phala ndi tiyi. Mmodzi wa iwo pa nthawiyo anali bambo wina wa ku Clondalkin komweko, amene kale anali msilikali. Pakhoma pabalaza panali chithunzi chawo ali mnyamata, atavala chisoti chabuluu, kudziko lina lotentha. Ankakonda kundiseka kuti ndimapepesa ngakhale kwa mpando ndikauwomba. Lachitatu ndikuwameta ndevu, ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti pakati pa nayini ndi thirii-eyite yabwino ndi iti.

"Ukufuna kuwombera ndani, ine?" anatero, thovu lili kukamwa. "Usavutike, ingosiya kundipatsa mapiritsi anga a mtima."

Ndinapepesa, iwo n'kuseka. Kenako ndinawafotokozera zonse, za golosale, za akuba, za zala ziwiri zija. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti kwa dzanja lotero, ya zipolopolo zazing'ono ndi imene munthu angaigwire osamupulumuka. Ndinasangalala kuti zagwirizana ndi za m'kope langa. Koma anafunsanso.

"M'nyumbamo muli ndani wina?"

"Mkazi wawo ndi ana awiri."

"Amagona tulo mkulu wakoyo?"

Ndinawauza za tiyi ndi chikwanje chija. Anandigwira dzanja kuti ndisiye kaye kumeta.

"Tinali ndi mnzathu amene anayamba kudzidzimuka choncho. Sajeni anamulanda mfuti n'kumuika kukhitchini kosenda mbatata. Anatikwiyira tonse chaka chathunthu. Wamwalira posachedwapa, wasiya zidzukulu zodzaza tchalitchi. Muuze mkulu wako kuti ayi."

"Kwathu wamng'ono sauza mkulu wake kuti ayi."

"Ndiye mumatani?"

"Timati ndamva, kenako timachedwa kuchita."

"Ndiye chedwa."

"Akukagula Loweruka."

Anangondiuza kuti ndisamale ndi lezala.

Lachinayi ndinatsegula tsamba latsopano n'kulemba chiganizo chimodzi: Achimwene, chonde, musagule iliyonse. Ndinachisintha kangapo. Ndinafufuta chonde, ndinamubwezeretsa. Ndinawonjezera kuti ndikunena mwaulemu. M'sitima, kuyambira mu tawuni mpaka ku Balbriggan, ndinkachinena chamumtima, milomo yokha ikugwedera, mpaka mwana wina wasukulu anayamba kundiyang'anitsitsa. Pofika kunyumba ndinali nditachiloweza ngati ndakatulo ya pa tsiku lotsekera sukulu. Ndinaganiza kuti ndidzawaimbira ali okha, ndidzayamba ndi kufunsa za dzanja, kenako ndidzachinena pang'onopang'ono.

Koma Lachisanu anayamba ndi iwo kuimba, pa vidiyo. Ndinali nditangoweruka, ndikuyenda kuchokera ku siteshoni, mphepo ikuwomba kuchokera kunyanja. Ndinaima pakhomo la shopu ina yotseka. Achimwene anali kuseri kwa kauntala, ndipo anaimika foni pa botolo la maswiti. M'golosalemo munali anthu. Ndinazindikira atelala a khomo loyandikana nalo ndi bambo wina wokonza njinga amene ankandidziwa ndili mwana.

"Bwerani mumve," achimwene anawaitana. "Katswiri wathu uyu. Ndiye wapeza zotani, adokotala?"

Anthu aja anawerama n'kundipatsa moni mmodzimmodzi. Atelala anati ndanenepa. Ndinayankha moni wonse bwinobwino, ndipo pamene ndinkamaliza, chiganizo changa chija chinali chitachepa.

"Achimwene, ndimati mwina..."

"Kweza mawu, kuli mphepo kumeneko."

"Ndimati mwina mukanadikira kaye pang'ono."

Achimwene anakweza dzanja lija pafupi ndi foni, zala ziwiri zili njo, chipsera chikuwala.

"Ndidikire chiyani? Abwerenso adzateme dzanja linalo?"

"Ayi, achimwene."

"Alamu ako akuimbira foni?"

"Ayi."

"Ndiye ndakufunsa funso losavuta, mphwanga. Nayini kapena thirii-eyite?"

Aphunzitsi athu a sitandade eyiti ankatiuza kuti akakufunsa A kapena B, usayambe kulemba mbiri ya mudzi wanu, zunguliza chimodzi upite pa funso lina. Ndinakhoza mayeso chifukwa cha lamulo limenelo. Linandichotsa kumudzi n'kundifikitsa kuno. Ndipo pamenepo, anthu akumvetsera, mkulu wanga atakweza dzanja lake lolumala pamaso pa anzake, sindinaone njira yowauzira kuti ayi popanda kuwavula. Ndinadziuza kuti chipolopolo chikachepa, choipa chake chichepanso. Ndinadziuza kuti ndikusankhira alamu.

"Thirii-eyite," ndinatero.

Mawu anga anatuluka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinafotokoza za kukankha kwa mfuti, za zala zawo, ndinatchulanso kuti ndafunsa msilikali weniweni wa kuno. Sindinachite chibwibwi ngakhale kamodzi. Wokonza njinga uja anagwedeza mutu n'kunena kuti sukulu ndi yabwino. Achimwene anamwetulira koyamba chitemedwereni.

"Mwamva? Mpaka asilikali a kumeneko amawadziwa."

Akusuntha foni kuti atsazike, ndinaona alamu kumapeto kwa kauntala. Anali pomwepo nthawi yonseyi, akuthira shuga m'timapepala. Sanadzutse mutu.

Ndisanafike pakhomo la nyumba imene ndimakhala, uthenga wawo unalowa. Unali wa mawu ochepa.

"Alamu, yaing'onoyo siipha?"

Ndinawalembera yankho lalitali. Ndinafotokoza kuti panali anthu, kuti ndinayesa kunena za kudikira, kuti achimwene akanagulabe ngakhale ine ndikanakana, mwinanso akanagula yaikuluyo. Ndinapepesa katatu. Foni inaonetsa kuti awerenga. Sanayankhe tsiku limenelo, ndipo sanayankhebe.

Loweruka chithunzi chinabwera, mfuti ili m'kabokosi kake pa mpando wa minibasi. Patapita masabata awiri sukulu zinatsekera, ndipo alamu anatenga ana kupita nawo kwa amayi awo ku Dedza, akuti kukacheza. Sukulu zitatsegulira anawalembetsa komweko. Panalibe mkangano, panalibe ankhoswe. Anangonyamula mayunifolomu ndi makina awo osokera. Achimwene amati alamu abwera akakolola mbatata, kenako amati abwera mvula ikatha. Tsopano anasiya kutchula. Anasamutsira matiresi kugolosale, ndipo khomo lakuseri analikhomera ndi misomali.

Bambo wokalamba uja anandifunsa kamodzi ngati ndinamuuza mkulu wanga. Ndinati ndinawauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha tiyi. Miyezi ingapo pambuyo pake ana awo anawapititsa kunyumba yosungirako okalamba, ndipo ine kuntchito anandipatsa nyumba zina zoti ndizikagwirako.

Palibe amene waomberedwa. Ndimadziuza zimenezi m'mawa uliwonse. Koma foni ikanjenjemera m'thumba ndili m'sitima, ndimadikira mpaka sitima iime pa siteshoni yotsatira ndisanaione. Msuweni wanga amene amadutsa pamsika paja anandiuza kuti achimwene amaitulutsa mfutiyo kuonetsa anthu odziwana nawo, amaiika pa kauntala pafupi ndi sikelo, n'kunena kuti, "Iyi anasankha ndi mng'ono wanga wa ku Ireland." Anandiuzanso kuti amayi ambiri anasiya kutuma ana kukagula kumeneko.

Ndaganizapo zopita kwathu kukalankhula nawo maso ndi maso, tili awiri. Koma ndikudziwa mmene zidzakhalire. Adzandichingamira pa depoti, adzandinyamulira chikwama ndi dzanja lomwe lija, adzandiphera nkhuku. Ine ndidzakhala pa mpando wamfupi, manja ali pakati pa mawondo, ndipo ndidzati zikomo.

Mwezi watha achimwene anatumizanso chithunzi ndi mawu ojambula. Munali timatumba tiwiri toikamo mfuti m'chiuno, kena kachikopa, kena kansalu yolimba. Anati m'thumba la thalauza imawalemera akamakweza makatoni, ndiye akufuna aziyenda nayo pa lamba, ngakhale popita kutchalitchi. Anafunsa kuti kabwino ndi kati.

Ndinamvera mawuwo kawiri sitima ikuchoka ku Balbriggan. Tsamba la chiganizo chija likadalimo m'kope, sindinalichotse. Ndinalidutsa, n'kutsegula tsamba loyera, ndipo ndinalemba mzere pakati.