Bambo a mu Kabati Yachisanu ndi Chiwiri

Atalephera mayeso kachiwiri, ntchito yokha imene anaipeza inali yokolopa ku motchale. Anzake anamutcha Namitembo, ndipo ena analeka kumupatsa dzanja.

Chipindacho chinkazizira mpaka m'mafupa. Mafiriji ankang'ung'udza ngati munthu wodandaula chamumtima. Pofuna kuthetsa mantha, m'mawa uliwonse ankawerenga mokweza mayina olembedwa pa makabati, ngati akuwadzutsa. Pa kabati yachisanu ndi chiwiri panalibe dzina. Munali bambo otoledwa pamsewu, ndipo iye ankangoti, "Mwadzuka bwanji, bambo?"

Tsiku lina kunabwera katswiri wa makompyuta kudzakonza zoti kaundula wa mitembo azisungidwa m'makina. Anayala pepala la mabokosi ndi mizere, losonyeza mmene makinawo azisungira zinthu. Mabwana anagwedeza mitu. Kunena zoona, palibe anamvapo kanthu, ankangoopa kuoneka mbuli.

Namitembo anaimika chokolopera. "Pepani achimwene, tawerengani zimenezo ngati mukuuza munthu."

Katswiri anaseka, koma anatsata mzere umodzi ndi chala. "Apa akuti mtembo uliwonse uli ndi dzina, komanso wachibale amene anaubweretsa."

"Nanga wopanda dzina?"

"Makina amukana."

"Ndiye kuti bambo awa kulibe? Agona pano masabata atatu, ine ndimawapatsa moni. Akaikidwa m'manda osalembedwa, mwana wawo adzawafuna kuti?"

Nthawi yomweyo mafiriji onse anangoti zii. Katswiri anayang'ana kabati ija, tsitsi lili nyaunyau, n'kufufuta mzerewo.

Kuyambira pamenepo katswiriyo ankamuwerengera Namitembo mzere uliwonse m'mawu wamba, iye n'kumati "zoona" kapena "bodza." Anapezanso mabodza ena anayi. Makina atayamba ntchito, woyamba kulembedwa anali bambo aja: chipsera pachibwano, malaya obiriwira, malo amene anatoledwa.

Patatha miyezi iwiri kunabwera mayi wina amene anazungulira zipatala zambiri kufunafuna bambo ake. Atawerenga za chipseracho anakhala pansi n'kulira, "Ndi bambo anga!" Anamusonyeza manda enieni amene bambo akewo anaikidwa. Namitembo analira naye limodzi.

Mayeso aja anakhoza ulendo wachitatu. Lero makampani amamuitana kuti aone mapulani awo asanapange makina, ndipo iye amayamba ndi mawu amodzi: "Tandiwerengerani."

Inu amene mukudziona ngati wosawerengedwa, zimene maso anu amaona tsiku ndi tsiku ena sakuzidziwa. Funsani funso lanulo, ngakhale akuseke. Osataya mtima.