Tsiku Limene a Pyo Anamasulira Mzungu

A Pyo Gil-man anagwira ntchito yomasula zingwe za sitima padoko la Busan kwa zaka makumi atatu, koma panyanja sanayendepo ngakhale tsiku limodzi. Yawo inali kuima m'mphepete, kudikira kuti a m'sitima afuule, kenako n'kukolowola chingwe chonenepa ngati ntchafu n'kuchiponya m'madzi. Sitima ikatembenuka, ankapukuta manja pathalauza monyada ngati aikankha okha.

Chimene ankadzitama nacho kwambiri chinali Chingelezi. Anatola mawu atatu pa wailesi za oyendetsa sitima: "singo apu," siyani chingwe chimodzi kutsogolo ndi kumbuyo, "leti go," masulani, "olo kiliya," zatheka, nyamukani. Mawu amenewa ankalamulira nawo agalu, mabasi, ngakhale akazi awo akachedwa kuvala nsapato.

"Bambo a Mi-ran," akazi awo ankatero, "Chingelezi chanuchi n'chotsanzikira chokhachokha. Cholonjerera alendo mulibe?"

"Inu samalani ndiwo zanu za kimchizo. Ine ndayankhulapo ndi akapitawo a sitima za mayiko makumi anayi."

Chaka china kampani yawo inagulidwa ndi azungu. Bwana watsopano, mzungu wamtali ngati mlongoti, anaitanitsa omasula zingwe onse khumi ndi awiri. Mayi womasulira anatsekeredwa pamzere wa magalimoto pamlatho, ndipo bwanayo ankangoyang'ana wotchi. A Bang Tae-ho, amene anapirira matama a a Pyo kuyambira ali anyamata, anawakankhira kutsogolo.

"Achimwene, mayiko makumi anayi aja. Lero tiwaone."

Mzungu anayankhula nthawi yaitali, akuloza chithunzi cha makina ogwira sitima popanda chingwe. A Pyo ankagwedeza mutu, koma m'makutu mwawo zinkangomveka ngati mvula padenga lamalata. Kenako, m'chimvula chonsecho, anamva mawu a kwawo: "leti yu go." Mzunguyo anawabwereza kawiri, nkhope ili yachisoni.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Bang.

"Akuti pa nkhani yomasula zingwe, ngati ife kulibe. Makinawa akubwera kudzatipeputsa msana."

Anthu anaomba m'manja. Mkulu wina anawerama mpaka chipewa kugwa. Mzungu anadabwa, nafunsa funso lalifupi. A Pyo anamugwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Olo kiliya!"

Bwanayo anatuluka akupuma mpweya wa mtendere.

Masana amenewo gulu lonse linakadya msuzi wa nkhumba ndi mpunga pa kanyumba kodyera ka kuseri kwa doko, ndipo aliyense ankalimbirana kuthirira a Pyo mowa wa soju. Ali pa botolo lachisanu, mayi womasulira uja analowa atanyamula maenvulopu khumi ndi awiri.

"Ntchito yanu ikutha mwezi uno," anatero. "Bwana anakonzekera kukambirana kuti theka la inu litsale, koma akuti mwavomera nonse, mpaka kuomba m'manja. Akuti anthu okhwima maganizo chonchi sanawaonepo."

A Bang anaika pansi timitengo todyera pang'onopang'ono.

"Achimwene, zaka zonsezi mumamasula sitima imodzi imodzi. Lero mwamasula mabanja khumi ndi awiri pakamodzi. Luso limenelo!"

A Pyo anayang'ana m'mbale mwawo. Kunyumba anangonena kuti apuma okha chifukwa cha bondo, koma nkhani inali itafika kale akazi awo asanatereke mpunga.

Masiku ano a Pyo amalondera magalimoto pamsika wa nsomba. Ukawafunsa, amati vuto linali la mzunguyo: sanali Mngelezi weniweni, Chingelezi chake chinali chosapsa. Tsidya lina la msewu a Bang amagulitsa nsomba zouma zotchedwa nyamayi, ndipo mlendo aliyense wosochera akafunsa njira, amamulozera mwaulemu kakanyumba ka mlonda. A Pyo akangoona mzungu wa chikwama kumsana akuwoloka msewu, amatseka kazenera n'kukhala pansi mpaka adutse.