Motoka ya Katundu Chabe

Inali ya buledi. Bauze so bamalume bako, kuti bashikulu bako, bamuna banga, banaigula kwa Mugiliki wina wophika buledi, ndiye chifukwa kumbuyo inalibe mawindo. Beve banali bang'ono maningi, sibangakumbuke. Manje popeza bafunsa va motoka ija, lemba vonse, usasankhe.

Bashikulu bako banalibe bwana. Nchito yao inali yogula vinthu vakale kumayadi ya bazungu, mabedi ya nsimbi, mipando yothyoka mwendo, mapulaimasi, mapoto, vilivonse vamene dona walema navo. Babweletsa ku Kanyama, bakonza, ine nasuka na mchenga, bagulitsa. Inali nthawi ya Chitaganya iyo. Zaka zambili banali kukankha wilibala kuchoka kumayadi, kudumpha njanji, mpaka msana unayamba kudandaula.

Motoka inabwela koma siinayende. Inangokhala pakhomo, nkhuku zogona pansi pake, chifukwa ukayenda wopanda inshuwalansi mapolisa bakugwila. Ndiye banavala jekete ya kuchalichi, ulendo wa ku ofesi mutauni. Munthu wakuda sanali kungena pakhomo masiku yaja, unali kuimilila pa kawindo kumbali. Banabafunsa kuti usebenza kwa ndani. Banati nisebenza neka. Banabauza kuti munthu wakuda wosebenza yekha kulibe, uyende ukatenge kalata ya bwana wako. Ulendo wina banafunsa kwamene motoka igona, ati tipatse nambala ya nyumba. Nambala ku Kanyama? Ise tinali kulondolelana kuti kuseli kwa chulu, pafupi na mugodi wa miyala. Bashikulu bako banali kubwela kunyumba nsapato zili mbuu.

Pothela pake kalaliki wina wa kwathu ku Nyasalande anabamvela chifundo, anabakambilako kwa muzungu wake. Muzungu anabwela yekha pawindo. Ati nikuzibani imwe, lelo mukuti katundu, mailo mwaisandutsa basi, tsiku lina mwadzaza malilo na bazimai boimba. Anavomela, koma ya katundu chabe. Kumbuyo kusakwele munthu, wamoyo olo wakufa. Akangomva kamodzi afafaniza, ndipo auza maofesi yonse kuti basabalandile. Bashikulu bako banakweza dzanja monga mukhoti. Iwe sunabaone, unabadwa batapita. Banali munthu wakuti akatulutsa mau, yauma pamenepo.

Miyezi yoyamba tinadya bwino, sinikana. Koma olo ine sininakwelepo. Kutsogolo kunali mpando umodzi, wa boyendetsa.

Ndiye mvula itafika, banamwalila bakazi ba baneba bathu bosoka nsapato. Bamai baja ndibo bananithandiza pobeleka mwana wanga woyamba, mkazi, mukulu wa bamalume bako. M'mawa bamadala banabwela, banakhala pa njelwa, visote m'manja. Sikunali kupempha kwenikweni. Mukomboni mwini motoka sapemphedwa va malilo, bamuuza chabe nthawi. Manda yanali kutali, ndipo Kanyama ikagwa mvula uiziba iwe, manzi mpaka m'maondo.

Bashikulu bako banayamba kufotokoza va inshuwalansi. Mudala wina anamvetsela mpaka kothela, ndiye anafunsa, "Batata, uyu Inshuwalansi ni wa mtundu bwanji? Kwao kulibe bakufa?"

Munzake anati, "Bedi ya muzungu ikwela na nsikidzi zake. Bamai bathu ndiye bakulemelani."

Batachoka ninagwada. Ninati batate bake, muzungu uja sangaponde m'matope muno, azaziba bwanji? Banati nkhani si muzungu, nkhani ni yakuti ninakweza dzanja. Banati bazathandiza mwa njila ina, ndipo banathandiza zoona. Banagula mapulanga ya bokosi, banatuta nkhuni na unga na motoka yomweyo mpaka pakhomo pa malilo. Apo ndiye banaonongelatu. Banthu bonse banaona nkhuni zitsika mumotoka monga mabwana. Tsiku loika, bokosi linayenda pamapewa, bamuna bakutelela m'matope, wina anagwa na bondo. Njila inali imodzi chabe, yopita pakhomo pathu, motoka ili chiimile pamenepo.

Palibe anatitukwana. Kukanakhala kutukwana sembe zinatha. Pachitsime bazimai banali kunipatsa malo mwaulemu, nitape mwamsanga nichoke, nkhani zao zipitilile. Wopempha mchele pakhomo panga anasowa. Mabedi yanayamba dzimbili panja, mpaka bashikulu bako banali kukagulitsila ku Matero kwamene sibanali kutiziba. Ine ninali kuyenda kumalilo yalionse, kuphika, kusuka, kuganiza kuti mwina bazaiwala.

Chaka chisanathe chikuku chinangena mukomboni. Chinatenga mwana wanga mkazi uja. Anali atangoyamba kunithandiza kusuka mapoto, tumanja tofiila na mchenga. Imilila pang'ono. Chabwino, lemba.

Banthu banabwela, malilo sibakana. Koma banakhala patali, pansi pa mtengo. Palibe anakoleza moto, palibe anayambitsa nyimbo. Ine kulila munyumba neka, kumvela mau yanga yabwelela kuchoka kumalata. Dzuwa linakwela, bokumba manda sibananyamuke. Bashikulu bako banayenda kukagwada pamaso pa bosoka nsapato baja, m'fumbi, banthu bonse bakuona. Batate baja sibanakweze mau. Banati, "Banzanga, mapulanga tizagula, nkhuni tizabweletsa. Vinango kafunseni ku ofesi."

Bamuna bangapo ba kuchalichi kwathu manyazi yanabagwila, banatenga mapiki banayenda kukakumba. Koma wopeleka phewa panalibe. Bashikulu bako banangena munyumba, bananyamula kabokosi bekha, banatsegula vitseko va kumbuyo kwa motoka, banaika. Sibananiitane, ninakwela neka. Banatseka. Munali mdima, ninakhala pansi pa nsimbi, manja yonse pa kabokosi kuti kasatelele pamabampu. Ninali kumva chabe injini na kupuma kwanga. Kumbuyo kwathu sikunabwele munthu.

Panjila palibe anatiimika. Bashikulu bako banakamba bekha pambuyo pake kuti pa njanji panali mapolisa, sibanayang'ane na kuyang'ana. Ku ofesi kuja sibanamve kalikonse, sibanatumepo munthu ku Kanyama olo tsiku limodzi. Icho ndiye chinabadya bashikulu bako. Banali bakana bamai baja chifukwa cha mau yamene mwini wake anaiwala kale, ndipo mau yomweyo banayaphwanya bekha.

Titabwela kumanda banaimika motoka kuseli kwa nyumba, banachotsa mataya, banaikhazika pa miyala. Nthawi yokonzanso inshuwalansi itakwana sibanayende. Banthu banabwela kufuna kugula, banakana. Banatenga futi wilibala yao, msana uli wopindika kale. Mvula ina itayamba tinakukila ku Matero kwa bang'ono bao, motoka tinaisiya pamenepo. Tinamva chabe kuti banthu banaidula pang'ono pang'ono, nsimbi zake banapangila vitseko na mbaula. Dzina la mwana uja sibanalitchulenso mpaka kufa kwao, ndipo ine pamaso pao sininali kulitchula.

Ngati bamalume bako bafuna niweluze kuti wolakwa anali ndani, bauze kuti nalema. Iyayi, usaniwelengele, sinifuna kuvimva kawili. Pinda, uvale nsapato, utumize manje positi isanatseke.