Kugogoda Katatu

Ine ndi alongo anga aakulu tinakhala zaka khumi ndi ziwiri mumsasa wa mapemphero kuseri kwa Mtakataka. Mwini msasawo tinkawatchula kuti Atate. Nkhani ikabuka, kaya ya tsiku lodzala chimanga, kaya ya ukwati, kaya yopita ndi wodwala kuchipatala ku Mua, tinkakhala pansi, zikhatho chagada pamaondo, n'kudikira. Atate ankagogoda ndodo yawo pansi katatu, n'kunena mawu awo, ife tonse n'kuyankha kuti, "Zatsika." Tinkatanthauza kuti mawuwo atsika kuchokera kumwamba. Nkhani inkathera pomwepo. Kuvota kunali koletsedwa. Ankati inki ya pachala ija ndi chizindikiro cha chilombo.

Atate atamwalira msasa unaphwasuka. Ine ndinayamba kukonza njinga pa Golomoti, pansi pa mtengo wa bwemba. Tsiku la msika anzanga akumsasa, asanu ndi awiri pamodzi ndi alongo anga, ankabwera kudzakhala pamthunzi panga, chifukwa kwina konse anthu ankatilozabe chala.

Chaka chachisankho chinandipeza nditangolawa kukoma kwa kutsutsa, ndipo ndinaledzera nako. Ndinkatsutsa wailesi, ndinkatsutsa makasitomala, ngakhale munthu akati kwatentha ndinkapeza potsutsa. Za feteleza, za mtengo wa mpunga, za mlatho umene madzi amakokolola chaka ndi chaka, pakamwa panga sipankauma. Ndinkanyadira kuti tsopano tikukambirana ngati anthu. Sindinaone kuti wokamba ndinali ndekha.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinkawongola limu ya njinga uku ndikufotokoza za mmodzi wa ofuna uphungu. Posadziwa ndinagogoda limuyo ndi sipanala, kamodzi, kawiri, katatu, n'kunena kuti, "Ameneyo ndiye munthu."

"Zatsika."

Analankhula onse pamodzi, motsitsa mawu, monga kale. Nditadzutsa mutu ndinaona zikhatho khumi ndi zinayi zili chagada pamaondo. Maso awo sanali pa ine, anali pa sipanala. Msika unali pomwepo, maminibasi akuitanira, koma ine sindinkamva kanthu.

Ndinapsa mtima. "Mwapenga kodi? Ine ndine wokonza njinga! Tembenuzani manjawo!"

Anatembenuza onse nthawi imodzi, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa zoyamba zija.

Alongo anga anati, "Musakalipe achimwene. Inu ndi amene mutu wanu unatseguka. Ingotiuzani woti timuvotere, tisakachite manyazi kumeneko."

"Nanga inuyo mukufuna chiyani, alongo? Tchulani chinthu chimodzi chokha."

Alongo angawo, mayi wa zaka makumi asanu, wodziwa kulera ana ndi kuumba mbiya, anayang'ana uku ndi uku ngati ndawafunsa dzina la munthu wachilendo. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinaona kuti ndikangowauza dzina, ndiye kuti msasa uja wasamukira pansi pa bwemba wanga, ndipo iwo adzafa asanasankhepo kanthu paokha.

Msika wotsatira, bambo amene ankaliza belu kumsasa anafika ndi kanthu kokulunga m'chitenje. Anakaika pakati pa mapampu anga, n'kukakhala pansi. Ndinadziwa ndisanamasule. Inali ndodo ya Atate, yakuda ndi thukuta pogwirira, yophwanyika kunsonga chifukwa chogogoda. Anali ataisunga kudenga zaka zonsezi.

Apa ndinene zoona, popeza kubisa matenda n'kudzipha. Dzanja langa linaifuna ndodo ija. Anthu asanu ndi awiri ali chete kudikira mawu ako, zimakoma. Ndinamvetsa tsiku limenelo chimene chinkawalitsa nkhope ya Atate.

Ndinawabwezera ndodo yawo bambo aja, ndipo kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa pa zandale. Ndikatsegula wailesi, ndinkangofunsa kuti, "Mwamva bwanji?" kenako n'kuweramira tcheni. Masiku oyamba tinkakhala ola lathunthu popanda wotsokomola. Ena atatu analeka kubwera, akuti ndayamba kunyada. Kenaka tsiku lina alongo anga anang'ung'udza okha kuti, "Onsewa akulonjeza mjigo, koma wathu uja unafa liti?" Atangotero anadzigwira pakamwa, n'kuyang'ana kumbuyo ngati pali wina waima pamenepo. Inenso ndinayang'ana. Panalibe munthu.

Tsiku lovota ndinawakweza alongo anga panjinga mpaka kusukulu kumene tinkavotera. Anakhalitsa m'kachipinda kovotera kaja mpaka anthu apamzere anayamba kudandaula. Potuluka anali atatalikitsa chala cha inki ndi thupi lawo, ngati chapsa ndi moto.

Pobwerera tinaima pamthunzi kuti tipume. Anati, "Ndinaima mmenemuja manja chagada, achimwene. Ndinadikira. Sikunagogode kanthu."

"Ndiye munatani?"

"Ndinachonga."

"Mwachonga ndani?"

Anati, "Sindikuuzani."

Ndinayenera kusangalala, ndipo pambuyo pake ndinasangalaladi. Koma choyamba kubwera mumtima mwanga chinali mkwiyo, wotentha, wa munthu amene wakanidwa ndi wake womumvera. Sindinadziwe kumene unachokera. Kenaka ndinamva kaphokoso pa handulo ya njinga. Chinali chala changa, cha inki chomwecho, chikugogoda chitsulo. Chinali chitagogoda kale kawiri.

Alongo anga anali atachimvanso. Zikhatho zawo zinali zitayamba kutembenuka.

Ndinachigwira chalacho ndi dzanja linalo, n'kuchifinya mpaka chinapweteka.